Tepi ya Telala

Ndine telala wa pakhonde la sitolo yakale ku Luchenza,
pafupi ndi njanji yomera udzu.

Zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo
mwana wa a Namakhwa anafika dzuwa litalowa,
nsalu ya maluwa achikasu ataibisa m'jumbo.
Dzina la ubatizo linali Filimoni.
Anati, "Achimwene, ndi ya mlongo wanga,
koma matupi athu ndi ofanana, muyese ine."
Ndinkadziwa kuti a Namakhwa anabereka amuna okhaokha.
Ndinazunguliza tepi m'chiuno mwake osamuyang'ana kumaso
ndipo ndinamulipiritsa kawiri.
Izi ndikuulula lero, mano atayamba kugweduka.

Anaivala Loweruka lina.
Anangoyenda kuchoka pa chigayo kufika pa depoti,
mtunda woti nkhuku singatope,
koma miyala inamupeza.
Anyamata a kabaza anaimba mabelu onse pamodzi,
Mayi Muhiwa ogulitsa nthochi anaphimba maso a mwana wawo,
mkulu wa mpingo anadula dzina lake m'kaundula
ndi cholembera chofiira.
Ine ndinaponda makina anga mwamphamvu
kuti phokoso linditseke makutu.
Atandifunsa yemwe anasoka, ndinati mwina atelala a ku Limbe.

Anapita ku esiteti kukathyola tiyi.
Kapitawo sankafunsa za diresi, ankafunsa makilo.
Dengu kumsana, chiperoni m'mafupa,
anzake a pamzere anayamba kumuitana Ezelina,
poyamba monyodola,
kenako kunyodola kunatopa, dzina n'kutsala.

Musandifunse tsiku limene mitima inasintha.
Chidani chinasuluka ngati nsalu yoyanikidwa pa chingwe:
sungaloze ola limene kufiira kunachoka.
Ena amati ndi chaka cha namondwe,
pamene anaoloka madzi ofika m'chifuwa
atabereka ana a anthu kumsana.
Kapena. Koma ndimadzifunsa ndikamapisa ulusi,
bwanji iye anagula malo ake ndi moyo wake
pamene ife tinawapeza aulere pobadwa?

Ine ndinaziona pamaliro a mayi ake.
Amuna tinali panja pamabenchi, akazi m'nyumba ya siwa.
Anaima pakati pa bwalo, chitenje m'chiuno, mpango kumutu,
ndipo ngakhale achifuwa anasiya kutsokomola.
Apo Mayi Muhiwa, omwe aja,
anasendeza mwendo pamphasa ya pakhomo.
Malo a chikhatho chimodzi basi.
Sanalankhule, sanamwetulire.
Nyimbo inapitirira pomwe inalekera.

Musandimve molakwa.
Alipo amene amalavulabe akakumana naye pa mjigo.
Mkulu wake amalambalala njira ya kwake.
Chiphaso chake chikunenabe kuti Filimoni,
ndipo pawindo lililonse la ofesi
amayambiranso kufotokoza nkhope yake.
Usiku amatchinga chitseko ndi mtondo.

Dzulo anabwera masana, dzuwa lili paliwombo,
nsalu yobiriwira ili poyera pamkono,
akuti mwana wa mng'ono wake akukwatiwa ku Bvumbwe.
Imvi zamuyamba m'mbali mwa makutu.
Mdzukulu wanga Chikumbutso, yemwe ndikumuphunzitsa ntchito,
anangoti, "Anti, kwezani mikono,"
nalemba manambala m'kope
ngati akuyesa munthu wina aliyense.

Ndinafuna kubweza ndalama zija,
koma ndalama za nthawi imeneyo lero sizigula n'singano yomwe.
Ndinati, "Iyi sindilandira kanthu."
Anandiyang'ana kumaso,
kumene ine ndinalephera kumuyang'ana usiku uja,
n'kuika ndalama pamakina.
"Landirani, achimwene," anatero,
"koma kamodzi kokha."